Madzi a Mowa wa Malume

Ndirande, Blantyre
20 Novembala 1983

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi ndi ana onse kwathu ku Dzoole. Kaya chifuwa chinkakuvutani chija chinatha? Ndamva kuti mvula yoyamba yagwa kumapiriko ndipo anthu ayamba kudzala chimanga. Kuno moyo ulipo, koma kuti ndili bwino sindinganene.

Msuweni wanga Iness, mwana wa malemu malume a Bonifasi, akundisunga ndi mtima umodzi ngakhale nyumba yake ndi ya chipinda chimodzi. Iye amapita kuntchito m'mawa, ine ndimatsala kuchapa ndi kukaima pa mzere wa kumpopi. Sabata yoyamba anyamata a chipani anandibweza pachipata cha msika chifukwa ndinalibe khadi. Tsopano ndinalipeza, ndimayenda nalo pa chitenje ngati mankhwala.

Lolemba lapitali ndinapita ku sukulu ya anamwino ya mishoni ija imene inandiitana mu Julaye. Amayi oyang'anira sukuluyo anatulutsa mapepala anga, nandiuza kuti mwa atsikana onse amene analembera chaka chino, ochepa okha anandiposa pa Bayoloje. Anati gulu lina liyamba mu Januwale ndipo malo anga akadalipo, koma salandira mtsikana wopanda kalata ya mpingo wake yonena za khalidwe lake. Kalatayo iyenera kuwafika pasanafike pa 15 Disembala. Akapanda kuiona, dzina langa alifafaniza ndipo sadzandiitananso kachitatu. Anandifunsa chimene chinaletsa kalatayo poyamba paja. 

Ndikanawayankha chiyani, Bambo? Kuti mlembi wa mpingo wathu, amene amalemba makalata otere kuti abusa angosaina, ndi bambo anga ondibereka?

Mundilole ndinene zimene ndinalephera kunena pamaso panu. Malume atamwalira, mowa wa mpalo wawo, uja wotsirizira maliro, unagwera amayi aakulu a Debora, poti alongo a malemuwo ndi awiri okha, iwowo ndi amayi anga. Amayi anga sakanatha kufika pamenepo chifukwa ndi mkazi wa mkulu wa mpingo. Tsono amayi aakulu, ndi chiuno chawo chodwala chija, ankatsika okha kudambo n'kukwera chitunda chonse ndowa ili pamutu. Ine ndinawatungira ndowa zinayi. Chimera sindinachikhudze, pamoto sindinasonkhezere, ngakhale kulawa sindinalawe. Ndinatula madzi pakhomo n'kubwerera kwathu.

Lamulo ndimalidziwa, kuti Mkhristu asathandize pa mowa mwa njira iliyonse. Koma palibe anandineneza. Amene anandiona pa njira ya kudambo, ena mwa iwo akulu ampingo anzanu, anayang'ana kumbali chifukwa ankadziwa kuti malume ndiwo anakukakamizani kuti ndipite ku sekondale, ndipo ndiwo ankandinyamula pa njinga ndi sutikesi yanga kukakwera basi temu iliyonse kwa zaka zinayi. Nkhaniyi munaitengera ku bwalo la akulu inu nokha. Munati anthu asadzanene kuti a Obadiya amadula ana a anzawo n'kumabisa awo. Anandidula, dzina langa linawerengedwa m'tchalitchi Lamulungu, ndipo sabata yomweyo kalata yondiitana ku unamwino inali m'thumba la jekete lanu.

Anthu anakutamandani kwambiri. Ndinawamva ndekha panja pa tchalitchi akuti mkulu woona ndi ameneyu. Zinandiwawa, Bambo, ndipo zikundiwawabe. Mbiri yabwinoyo munaigula ndi chaka changa.

Mukudziwa kuti unamwino sindinauyambe dzulo. Ndili Sitandade 7, amayi atagonekedwa ku Mtengowanthenga pobereka Elia, ndinakhala nawo masabata awiri ndikuona mmene anamwino ankawatembenuzira ndi kuwasambitsa. Kuyambira pamenepo sindinafunenso ntchito ina. Inu munkafuna ndikhale mphunzitsi kuti ndizikhala pafupi ndi kwathu, ndizitsogoleranso kwaya. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati mukanafulumira chomwecho kukandinena ikanakhala kalata ya ku uphunzitsi imene inali m'thumbamo. Mundikhululukire ngati ndikukuganizirani zoipa.

Iness wandipezera malo ophunzira kutaipa ku ofesi kumene amagwira. Kumeneko safunsa za mpingo, amangofuna setifiketi ya Folomu 4, khadi la chipani ndi diresi lofika kunsi kwa mawondo. Zonse zitatu ndili nazo. Akuti ndikhoza kuyamba Chaka Chatsopano chikangopita. Iness akuti ndisiye kulira, ntchito ndi ntchito. Mwina akunena zoona, iye wakhala pa makinawo zaka zisanu ndipo sanafe. Koma ine ndikaganiza zokhala moyo wonse ndikutaipa makalata a anthu ena, chakudya chimandikanika.

Pempho langa ndi limodzi. Miyezi ya chilango changa inatha mu Okutobala. Chatsala n'chakuti bwalo lindibwezere, inu mulembe kalata, abusa asaine. Munanditumizira mawu kudzera mwa aphunzitsi a Agustino kuti ndibwere ndidzaime pamaso pa mpingo ndi kunena kuti ndinachimwa ndipo ndikumva chisoni. Kuima ndikhoza kuima. Kuvomera kuti ndinaswa lamulo ndivomera, pakuti ndinaswadi. Koma kuti ndikumva chisoni potungira madzi mayi wodwala amene ankalira mlongo wake, pakamwa panga sipangatuluke mawu amenewo. Ndikupemphani mulandire zimene ndingathe kunenazo ndipo mulembe kalatayo.

Pali china chimene simukuchidziwa. Ku bwalo kuja munandifunsa katatu kuti anandituma ndani, ine ndinati palibe. Sizinali zoona. Anandituma ndi amayi. Anandipatsa ndowa yathu yomwe, m'manja, akulira, nati iwo manja awo ndi omangidwa koma mkulu wawo asafere pa chitunda. Pondiperekeza kukakwera basi anandipempha kuti ndikuululireni, ine ndinakana poopa kuwaona atakhala pa benchi ya odulidwa ndi imvi zawo. Lero ndawamvera.

Tsono nkhani ili m'manja mwanu, a mlembi. Ngati lamulo silisankha munthu, mukawanene nawonso Lamulungu likubwerali, mpingo wonse umve. Ndikadzamva kuti mwatero, sindidzakuvutitsaninso, ndidzapita kukataipa. Koma ngati mungathe kudya nawo mbale imodzi n'kukhala chete, ndiye kuti mtima wokhululuka muli nawo, ndipo ndidzadziwa kuti ndi ine ndekha amene munandimana.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwawerengere kalata yonseyi osadumpha. Moni kwa amayi aakulu a Debora, kwa azakhali ku Malomo, kwa mng'ono wanga Susana ndi kwa Elia. Iness akupereka moni kwa nonse. Yankho mutumize pa adiresi ya ku ofesi kwake.

Ndine mwana wanu woyamba,
Rakele