Nkhata Yako Ili Pamsomali

Koteshwor, Kathmandu
27 Novembala 2023

Okondedwa achimwene Prabin,

Usadabwe ndi ulemuwo. Munthu wokwera ndege osatsanzika mlongo wake ndiye kuti wakula, tiyenera kumamulemekeza. Koma ulemu wathera pamzere womwewo, chifukwa zotsalazi ndikulembera iwe amene ndinkakupukuta mamina.

Ine ndili bwino, kaya iwe ku Qatar kumeneko. Zilonda za m'ntchafu zikuuma, ndipo ndayambanso kuperekeza alendo m'mapiri ndi njinga zawo. Foni ikamalira ndikumaona kuti ndi iwe. Ndikumaisiya dala, chifukwa ndikamva mawu ako ndilira, ndiye ukhala wandigonjetsa kachiwiri. Kalatayi ndapatsira mnzako wa ku Gorkha uja, kuti uwerenge mpaka kumapeto osandidula mawu monga umachitira.

Ukukumbukira zimene unanena kutatsala sabata kuti lifike tsiku la Bhai Tika, limene ife akazi timadalitsa alongo athu? Unati, "Achemwali, chaka chino kuhotela sandimasula, bwerani inuyo ku Pokhara kuno. Koma mabasi adzaza kale. Paja mumati njinga yanuyo ndi mphepo? Tiione. Tsiku limodzi, osagona panjira."

Ndinati, "Iwe, waiwala kuti tsiku limenelo ndimasala kudya?"

Unaseka. "Ndiye mwagonja? Ndimadziwa ine, mphamvu zanu n'zapakamwa."

Umadziwa pondiyabwa. Makilomita mazana awiri, m'mimba mopanda kanthu, ndinavomera ngati chitsiru. Chibadwire chako sindinalawepo chakudya patsikuli ndisanakupake tika, utoto wa madalitso uja, pamphumi, ndipo sindikanayamba chaka chino chifukwa cha msewu.

Ndinanyamuka m'bandakucha. M'chikwama ndinaika utoto wonse usanu ndi uwiri, kabotolo ka mafuta, mtedza wouma wa okhar, mikate ya sel yomwe ndinakazinga dzulo lake, ndi nkhata ya maluwa a makhamali yomwe ndinailuka ndekha mpaka zala kutupa. Ndikutuluka pageti, kubwalo la ndege kuseri kwa nyumba kuno magetsi anali ngwee, ndipo ine monga mwa masiku onse ndinayang'ana kumbali.

Potsetsereka ku Nagdhunga kunazizira moti zala zinkakanika kugwira mabuleki. Nditafika ku Naubise ndinapeza uthenga wako: "Mwafika pati, achemwali? Limbikirani." Mtima wanga unali m'malere. Ndinapalasa m'mbali mwa mtsinje wa Trishuli ndikuimba, malole akundiwaza fumbi, ine osasamala. Ku Malekhu fungo la nsomba zokazinga linandigwira pakhosi ngati munthu, koma ndinangomwa madzi n'kupitirira.

Ku Mugling ndiko thupi linayamba kundifunsa mafunso. Ndinaima pakalesitilanti kena kuti ndidzaze botolo, ndipo mayi wake wa pamenepo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwana wanga, milomo yayeratu iyi. Khala pansi, mpunga wapsa."

"Zikomo mayi, sindinamupake tika mlongo wanga."

"Ali kuti mlongo wakoyo?"

"Ku Pokhara."

"Pa njinga? Ameneyo ndi mfumu kapena wolumala? Wanga wabwera yekha m'mawa, wadya, pano akuliza mkonono kuseriku."

Ndinakuikira kumbuyo, Prabin. Ndinati ndiwe mwana wabwino, kungoti ntchito yakupanikiza. Ndinamuonetsanso uthenga wako wachiwiri, uja unati, "Ndayala kale mphasa, ndikukudikirani." Mayiyo anapukusa mutu, n'kundithirira kamchere m'madzi, nati mchere si chakudya.

Kuchoka apo msewu anaukumba paliponse. Fumbi linkalowa m'mano, dzuwa likuswa mtengo. Chakufupi ndi Dumre tayala lakumbuyo linaphwa, ndipo pomata chigamba chinagwera m'fumbi kawiri. Ndinakuimbira kuti ndingomva mawu ako, foni osalowa. Ndinati moto wamuthera, mwana ameneyu saphunzira.

Chitunda cha ku Damauli sindidzachiiwala. Pakati pake maso anachita mdima, ndinatsika, n'kusanza madzi okhaokha m'ngalande. Mikate ya sel inali kumsana kwanga, ndikuimva fungo. Dalaivala wina wa lole anaima, nati, "Achemwali, kwezani njingayo, mufera zachabe." Ndinakana. Ndinkakuona m'maganizo utakhala pamphasa, nawenso uli ndi njala, ukusuzumira kumsewu, ndipo ndinkafuna kuti ndikafike ndikakufunse kuti zapakamwa ndi ziti. Ndinakankha njinga mpaka pamwamba, n'kukweranso.

Ndinalowa mu Pokhara dzuwa litangolowa, anthu akuyatsa nyali m'makomo. Amuna onse amene ndinkakumana nawo anali ndi tika pamphumi ndi nkhata m'khosi. Ndinaliza belu la njinga pakhomo pako ngati mwana, ndikuseka ndekha.

Anatuluka ndi eni nyumba ako, mayi Dhanmaya. Atandiona anagwira pakamwa.

"Anjila? Iwe ukutani kuno?"

"Ndabwera kwa Prabin. Ali m'kati?"

"Sanakuuze? Anachoka dzana ndi basi, amati akagona kwa mnzake ku Kathmandu. Ndege yake inali ya lero masana. Amati tikiti ya tsiku la tika ndi yotchipa, palibe amaifuna."

Ananditsegulira chipinda chako, ndipo munali bedi lopanda zofunda, waya wopachikapo zovala, ndi nkhwaira zako zakale zija pakona. Mphasa munalibe.

Ndipamene zinandilowa m'mutu. Pamene unkalemba kuti "limbikirani", unali pabwalo la ndege, pamalo poti nditaima padenga la nyumba yanga n'kukuwa ukanandimva. Unandiyenda pansi, mlongo wanga. Unafuna tsiku limodzi loti ndikhale kutali ndi geti la bwalo limenelo, kutali moti ngakhale wina atandiuza ndisathe kubwerera, ndipo unalipeza. Unatenga tsiku limene ndimakupempherera moyo n'kulisandutsa msampha. Ndipo unkadziwa bwino lomwe kuti sindidya.

Ndinaimbira Amayi kumudzi. Sanadabwe n'komwe. Anati, "Mwanawe, akanakuuza ukanakagona pageti la bwalo la ndege. Chaka chatha suja unamulanda pasipoti n'kuibisa m'thumba la mpunga? Mwamuna sangakalambe akutsuka mbale za alendo." Ndinawafunsa ngati ankadziwanso za njinga. Anati, "Ndimayesa udya panjira." Ndiye munali awiri.

Pasipoti ndinabisadi, ndipo sindipepesa. Iwe unali wamng'ono, unatsala kumudzi. Amene anaima pabwalo lomwelo kudikira bokosi la Bambo ndine. Linatuluka pamodzi ndi mawailesi ndi masutikesi a anthu ena, ndipo anandiuza kuti anangogona osadzukanso. N'chifukwa chake ndege zikamadutsa padenga pano sindiyang'ana kumwamba. Unkati ndi nkhanza, koma anali mantha.

Chikundipweteka si kupitako. Ukanabwera pamaso panga n'kunena kuti ukupita, ndikanakutukwana mpaka aneba kutuluka, mwina ndikanakumenya ndi pampu. Koma pamapeto pake ndikanakukhazika pansi, n'kukuzunguliza mafuta, n'kukupaka tika, ukanakwera ndegeyo uli wotchingidwa. Wapita kudziko limene linadya Bambo mphumi ili mbee, ndipo wachita kusankha wekha.

Mwina ukufuna kudziwa zimene ndinachita ndi katundu uja. Ndinatenga nkhwaira zako, n'kuziika pakati pa chipinda, n'kuzizunguliza mzere wa mafuta kuti imfa isalumphe. Mayi Dhanmaya anakatenga mwala okha n'kundipatsa. Mtedza uja ndinauika pakhomo, ndipo chaka chilichonse umandiseka kuti ndimaumenya kangapo usanasweke. Ulendo uno unaphwanyika kamodzi, zidutswa mpaka kumsewu. Kaya ndinkaphwanya tsoka lako kaya mutu wako, sindikudziwa.

Tika sindinapake chilichonse, chifukwa nkhwaira zilibe mphumi. Mayiwo anandidyetsa mpunga ndi mphodza ndi dzanja lawo, ine misozi ikugwera m'mbale. Aka n'koyamba kudya patsikuli iwe usanadye. M'mawa mwake anakweza njinga padenga la basi, ndipo tikudutsa pa Mugling ndinabisa nkhope kuti mayi wa mchere uja asandione.

Tsopano tamvera. Uzimwa madzi ambiri ngakhale usakumva ludzu. Ukachoka padzuwa usamafikire kugona m'chipinda chozizira kwambiri, uziyamba wapuma panja. Pachifuwa pakangokuwawa upite kuchipatala tsiku lomwelo, kapitawo anene zimene anene. Amayi uziwaimbira Loweruka lililonse, chifukwa ine panopa sitikuyankhulana bwino. Ndipo usanditumizire foni yatsopano kapena nsalu, ndikabweza.

Chaka chamawa usayerekeze kundiuza zopaka tika pagalasi la foni monga amachitira ena. Sindidzapalasanso njinga kukusaka, ngakhale utakhala kutsidya kwa msewu. Ndidzakhala m'chipinda muno, ndidzayala mphasa yeniyeni, ndipo sindidzadya. Zoti ndidzamasule nthawi yanji zili ndi iwe.

Mayi Dhanmaya akupereka moni, ati makiyi unawasiya bwino koma ulemu unapita nawo. Anzanga a kuntchito akuti ndikuuze kuti Pokhara ndinafika tsiku limodzi, osakwera lole, osalawa kanthu. Ndiye zapakamwa zija uzibweze.

Sindinakukhululukire, ndipo usafulumire kuganiza kuti ndatero. Koma nkhata yako ndaipachika pamsomali pamwamba pa njinga. Paja timapempha kuti mlongo akhale ndi moyo mpaka makhamali atafota, ndipo safota. M'mawa uliwonse ndimayang'ana, akadali ofiirira monga ndinawathyolera. Udzaitenge wekha, ukuyenda ndi miyendo yako, potulukira anthu osati katundu.

Ndine mlongo wako amene unamutuma ku Pokhara,

Anjila