Galimoto Yakufa ya Mzungu

Lolemba, 9 Januwale 1978

Akulemba ndi Enifa, mwana wanga wamkazi, chifukwa ine cholembera chimandithawa m'manja. Mawu ndi anga. Ndamuuza asakonze kanthu, ndipo asakauze achimwene ake.

Lero mwana wanga Dyton wamaliza kukonza galimoto ija, Pijo. Miyezi yonseyi ili pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku kuikira m'kati. Wandiitana ndili kuchapa, manja a sopo. Wakweza kumbuyo ndi jeke, matayala onse awiri m'malere. Akuti, "Amayi, zunguzani ili." Ndazunguza. Linzake la uko, popanda wolikhudza, layamba kuzungulira mbali yomweyo. Ndaleka, nalo laleka. Ndazunguzanso. Zochapa ndinaziiwala.

Akuti kale silinkatero, linkabwerera m'mbuyo. Chasintha ndi chitsulo chonga mphika chimene chili pakati pa matayala, dzina lake difu. Yakale ija, tayala limodzi likaponda matope mphamvu yonse imathawira komweko, lina lili pouma chete. Iyi m'kati mwake muli timbale tachitsulo togwirana, ndiye matayala sasiyana. Waichotsa m'Pijo ina imene inafa injini, ya mzungu wa ku Thyolo amene ankachita nayo mipikisano.

Mwana ameneyu ndinabereka ine. Sitandade sikisi basi.

Koma mtima suli pansi. Ntchito ya ku galaja ya pabwalo la ndege anaisiya chifukwa cha galimotoyi. Akufuna azinyamula anthu njira yodulira ya ku Lirangwe, imene dzinja lino ena onse aithawa. Wanena yekha kuti zikakanika mvula ino akalembetsa Theba. Ku Joni, kukakumba m'migodi. Bambo ake, malemu a Tobias, anabwerako ndi sutikesi ndi chifuwa, ndipo chimene chinakhalitsa ndi chifuwacho.

Lachinayi, 12 Januwale

Ku Mvano. Mvula kuyambira m'mawa, bondo likuwawa. Dzulo Dyton anakayesa pa dambo la kwa a Yobu, paja pamamira ngakhale ngolo. Ine ndinaima pachulu. Inalowa, matope mpaka m'mimba mwake, ndipo ndinatseka maso. Potsegula ili tsidya, ikufuka nthunzi, iye akuseka pawindo.

Ndiye lero pakamwa panga sipanatseke. Titatha mapemphero ndawauza amayi onse. Ndati chitsulocho chachokera m'galimoto yakufa ya mzungu. A Dailesi, aja okhala pafupi ndi chigayo, anandifunsa kawiri. Ndinayesa akusirira.

Sopo watha. Mchere ulipo wa sabata ino. Chimanga cha kumunsi chikuoneka chachikasu.

Lolemba, 16 Januwale

Zoipa. Ulendo woyamba ndi anthu unali Loweruka. Kumbuyo kodzaza, madengu a tomato, njinga, mbuzi. Panjira yowongoka bwinobwino. Atafika pakona ya kumanda, paja njira imapinda ngati chigongono, pansi pa galimoto panayamba kubuula. Kenako gu-gu-gu, ngati munthu wokukuta mano kutulo, thupi lonse la galimoto kunjenjemera, iyo kukana kukhota. Anthu anatsika isanaime. Mayi wina anasiya dengu lake momwemo, mpaka lero sanabwere kudzatenga.

Dzulo kutchalitchi benchi yanga inali ndi malo ambiri. Enifa ndiye wandibweretsera nkhani yake. Akuti Dyton waika chitsulo cha m'galimoto ya mzungu wakufa, ndipo mwini wakeyo akafika pamanda amafuna kutsika. Ine ndinati galimoto yakufa. Mzunguyo ali moyo, Dyton akuti ndi wonenepa ndithu. Mawu omwewo, angowatembenuza pa chigayo.

Lero yapita yopanda munthu, yabwera yopanda munthu. Petulo kupsa pachabe.

Lachitatu, 18 Januwale

Dyton pansi pa galimoto kuyambira m'mamawa. Grace, mkazi wake, kumupatsira masipanala, mwana kumsana. Wamanga mabawuti onse a masipuling'i. Wagwedeza matayala limodzilimodzi, akuti palibe chakhwepa. Wakayesanso. Pakona ya kumanda ikubuula, komanso pakona ya kusitolo, ndi pokhotera kuno kwathu. Ndiye si manda. Ndi kona iliyonse yothina, makamaka ikayenda n'kutentha. Koma ndani angamve zimenezo.

Ndamuuza kuti mawu aja anachoka pakamwa panga. Waseka mpaka kukhala pansi. Kenako wasiya kuseka, n'kunena kuti mnzake wina akupita ku ofesi ya Theba mwezi uno ukatha. Sindinadye.

Ndakhala ndikuyang'ana manja ake. A bambo ake enieni, zala zazifupi, zikhadabo zakuda.

Lachisanu, 20 Januwale

Tinapita ku Lirangwe kwa a Fikirini, amakanika akale a kuseri kwa msika. Ndinati ndikukagula usipa, koma ndimafuna ndikamve ndekha. Pachipata cha msika ayufi, ofunsa makhadi a chipani. Khadi ndinali nayo pamfundo ya chitenje, mwayi.

A Fikirini sanafulumire. Anamuuza Dyton azungulire pang'onopang'ono, iwo akuyenda pambali, mutu chopendeketsa. Kenako anamasula kabawuti, kuviika chala mu oyilo wa mu difu, kununkhiza. Akuti pokhota, tayala lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lam'kati, ndiye timbale tija tiyenera kutererana pang'ono. Oyilo wamba amene Dyton anathira satilola. Timagwirana, n'kulekana mwadzidzidzi, n'kugwirananso. Kubuula kuja n'kumeneko. Pakufunika oyilo wakewake. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, mwana wanuyu ntchito waigwira bwino, kungoti chinthucho akuchidyetsa chakudya chimene sichidya."

Ndinakondwa ndi mawu oyambawo kuposa mmene ndinaonetsera.

Chimene chandizunguza mutu n'chakuti tayala limodzi lingayende mtunda woposa linzake pa galimoto imodzi. Pobwera ndinamuimitsa pakona, ndinatsika kukaona mmene matayala anapondera m'matope. Zoona. Lakunja limadzera patali. Zaka zonsezi ndikuona ngolo zikukhota, osadziwa.

Loweruka, 21 Januwale

Oyilo wapezeka ku Limbe kwa mmwenye. Kachitini kochepa, mtengo wake Dyton wakana kundiuza. Wailesi ya m'nyumba mwawo sindikuimvanso. Kumene yapita sindinafunse.

Wakhetsa wakale, wathira watsopano, wonunkha ngati mazira owola. Masana wapita pabwalo la mpira la kusukulu. Akuti a Fikirini anamuuza azungulire uku ndi uku kuti oyilo alowe pakati pa timbale. Ndiye kumanja, kumanzere, kumanja, pang'onopang'ono, mpaka pa udzu panalembeka chinthu chimene Enifa akuti ndi eyiti. Ine pansi pa mtengo wa kesha. Poyamba kubuula konse kuja. Kenako kung'ung'udza chabe. Kenako ndinazindikira kuti ndikumva mbalame. Misozi inatuluka yokha.

Anthu anaima patali m'chimanga, palibe anasendera. Madzulo nkhani yafika kale. Akuti sing'anga wa ku Lirangwe wamupatsa mafuta onunkha, ndipo amazungulira kuti mzimu usokere njira.

Lachiwiri, 24 Januwale

Kubuula kwatha. Latulukira vuto lina, akaponda moto imakokera kumanzere, akasiya imabwerera. Iye ndi Grace ayeza matayala akumbuyo ndi chingwe changa choyanikira zovala. Lina lalikulu kuposa linzake ndi zala ziwiri. Akuti difu yakale sinkasamala zimenezo, iyi imafuna ofanana. Wasinthanitsa ndi lakutsogolo, wapopa mpweya wofanana. Yawongoka. Waikanso matumba a mchenga kumbuyo, akuti ikapepuka matako amathawa poterera.

Chitsulo chosankha ngati mlendo wa m'tauni. Koma ndikamuona akuchimvetsera, kufunsa ichi, kusiya, kufunsa icho, ndimachita mantha abwino. Anazitenga kuti?

Anthu ayi. Wayenda ndi matumba a mchengawo okha. Mnzake wa Theba uja anabwera, anakhala pakhonde nthawi yaitali, mawu otsitsa. Ndinasesa pabwalo posesa kale kuti ndimveko, osamva.

Lachinayi amayi a Mvano tili ndi msonkhano ku Lirangwe. Zinawonongeka ndi pakamwa panga, ndiye pamwamba pa chitsulocho ndikakhalapo ine.

Lachisanu, 27 Januwale

Dzulo sindinathe kunena. Enifa, apa lemba mosamala.

Ndinavala yunifomu, bulauzi yoyera yosita, duku loyera. Dyton ananditsegulira kutsogolo, ndinakana. Ndinakwera kumbuyo, kukhala pathumba la mchenga, pamwamba penipeni pa difu. Tinaima pa chigayo, pamene amayi amadikira lole yoti iwatengere njira ya phula, ndipo loleyo inali itachedwa. Ndinati amene akuopa mzungu wamoyo atsale. Anakwera ochepa. A Dailesi pomaliza, Baibulo atalikumbatira pachifuwa, atakhala kuchitseko kwenikweni kuti asavutike podumpha.

Pakona ya kumanda palibe anapuma. Inakhota ngati ikuyenda pamphasa. Zii. A Dailesi anayambitsa nyimbo okha, mawu akunjenjemera, ife tinalandira.

Pa dambo tinapeza lole ya kampani yokonza misewu itatitimira. Amuna atavula malaya akukankha, tayala limodzi likungozungulira n'kumawathira matope. Dyton anadzera m'mbali. Ndinamva pansi panga matayala onse awiri akukumba pamodzi, ngati anthu awiri a makasu mumzere umodzi. Kumbuyo kunathawira kumanja, nyimbo inaduka. Iye anabweza chiwongolero pang'ono chabe, osawonjeza moto, ndipo inawongoka. Tinatuluka. Amuna aja anasiya kukankha, kumangotiyang'ana. Bulauzi yanga madontho a matope okhaokha. Sindinapukute, ndinalowa nawo m'tchalitchi.

Bwana wina wa kampaniyo, Mmalawi, wa magambutsi, anatithamangira kudzasuzumira pansi pa galimoto. Anafunsa Dyton dzina ndi kumene amakhala.

Pobwera tinadzaza mpaka ena kutsala.

Loweruka, 4 Febuluwale

Masiku onsewa osalemba, Enifa anali ndi malungo. Wachira. Galimoto ikupita m'mawa ndi masana, yodzaza. A Dailesi akuuza anthu pa chigayo kuti iwo sanaope n'komwe, anali oyamba kukwera. Ndawasiya, akutibweretsera anthu.

Wailesi ndikuimvanso. Sopo alipo. Dyton wandigulira mafuta opaka pabondo, osamupempha.

Mnzake uja wapita ku Joni yekha. Ndinamupatsa mtedza wokazinga wa panjira, ndi mtima woyera, ndipo ndinapempherera mayi ake. Ndagona bwino sabata yonse.

Lolemba, 6 Febuluwale

Bwana wa magambutsi uja anabwera dzulo titaweruka kutchalitchi. Atavala tayi. Akuti kampani yawo ili ndi ntchito yaikulu ku Lilongwe kumene akumanga likulu, magalimoto ambiri, matope ambiri, ndipo akufuna munthu wa manja ngati awa. Nyumba ya njerwa, magetsi. Grace ndi mwana apite nawo. Pijo atha kuitenga.

Dyton anayang'ana ine. Anati, "Amayi, mukati ayi, ndi ayi."

Ayi anali pakamwa kale. Koma ndinaona mmene bwanayo amalankhulira ndi mwana wanga, chipewa chili pabondo, kumutchula a Dyton, kudikira kuti amalize kaye kunena. Munthu wa tayi, pakhonde panga. Ndinati pita.

Anyamuka mwezi uno ukatha. Ku Lilongwe sakumba pansi. Basi imafika tsiku lomwelo, akutero. Pathumba lija ndinakwera ndekha, palibe anandituma.

Enifa, lemba kuti ndakondwa. Walemba? Ndiwerengere.

Ayi, usafufute. Ndi zoona ndithu. Koma tseka kaye, ndikufuna ndikakhale panja.