Mwala Wachitatu Kuchokera Pachipata

Okondedwa achimwene a Malachy,

Ndikhulupirira muli bwino ku Boston. Kuno ku Clare mvula ndi yomwe ija.

Manda akale a kwathu aja tsopano ndi malo okopa alendo. Mabasi amabwera tsiku lililonse, ndipo a Considine, aphunzitsi opuma aja, ndiwo amayendetsa anthu. Lachiwiri ndinapita kukazula udzu pamanda a amayi. Paja sitinaike chipilala, ndi mwala wamba wopanda dzina. Ndinapeza mlendo wina ataukhalira, akumwa tiyi.

"Pepani mayi, mwakhalira amayi anga," ndinatero.

Anadzambatuka mpaka tiyi kutayika. A Considine n'kumati, "Ukunena zoona, Nuala? Ine ndimawauza kuti apa pagona anthu a nthawi ya njala."

Aphunzitsi athunthu! Chonsecho pamaliro a amayi ananyamula nawo bokosi.

Ndiye kuti wodziwa mwalawo ndatsala ndekha, poti inu kumaliro simunabwere. Ndi wachitatu kuchokera pachipata. Lembani penapake.

Adokotala akufuna kundionanso Lachisanu, koma zimenezo tidzakamba. Bwerani Julaye uno ndidzakulozereni ndekha. Musadikire chaka chamawa.

Ndine mlongo wanu,
Nuala