Zitsamba za pansi pa mango

Lachinayi, mwezi wa Outubro. Kwatentha kwambiri, mutu ukundilemera.

Zitsamba za malemu mkazi wanga Rosa zapsa. Zija za masamba ofiira ndi achikasu, zimene anabwera nazo m'chitini kuchokera kwathu ku Angónia n'kudzabzala pansi pa mtengo wa mango. Zaka zonsezi sizinayoyokepo masamba, ngakhale m'chilimwe cha kuno ku Matundo.

Mwana wanga Zeca anadula mtengowo sabata yatha kuti apeze poimika galimoto. Lero ndamuonetsa zitsambazo, iye n'kuti, "Ababa, kodi ndi ndiwo zimenezi?"

Nkhwangwa ndinamupatsa ndine. Ndinali nditatopa ndi mileme ya mumtengomo, za mthunzi sindinaziganize.

Ndapeza kanthambi kamodzi kamoyo, ndakazika m'chitini kuseri kwa bafa. Kakaphuka, mwina Rosa adzandikhululukira...