Mpesa wa kuseri kwa mpanda

14 Febuluwale
Chisanu. Zala gwa. Ndadulira mpesa wa malemu bambo, wa mtundu wa masikadini uja, thandala lonse mbee. Podulapo pakudontha madzi ngati ukulira. Ulire, ine ndinalira kale.

Wa kwa Dewey wadutsanso mpanda. Nthambi zili mbali yathu ngati zimalipira lendi. Mpesa wotengera mwini wake, sudziwa malire. Dewey yemweyo anafunsira ine, n'kukwatira Loretta, mnzanga wa pa desiki limodzi kusekondale, n'kumuika nyumba yoyandikana ndi yathu. Dera lathu la Georgia kukula kwake konseku, malo anasowa?

20 Febuluwale
Ndatuma amalume Hoyt. Ine pakamwa panga sipatsekukira anthu amenewo. Uthenga: achotse chimpesa chawocho, apo ayi ndichithira mankhwala. Amalume akuti Dewey anangokanda m'mutu. "Kamuuzeni Glenda ndamva." Lero ndiye makutu atseguka.

23 Febuluwale
Wadula! Mpaka patsinde penipeni. Ndimaonera pazenera la kukhitchini, khofi m'manja, mtima myaa. Amayi anangoti, "Mmm." Mmm wa Amayi sindimukonda.

18 Meyi
Kutchalitchi, amayi a mpingo kugawana zobweretsa paphwando la mu Seputembala. Loretta akuti keke. Ya m'sitolo imeneyo, ndikumudziwa, dzira lomwe amapsereza. Ine nyamu, kuimirira: jamu ndi payi, chikeke chija choika makoko a mphesa m'kati, za pa mpesa wanga. Mokweza, kuti ndi a kumbuyo omwe amve. Mayi abusa m'manja phwaphwa. Tsopano tauni yonse ikudikira.

6 Juni
Maluwa mbwee. Njuchi zikubwera, kuzungulira pang'ono, n'kumapita ngati zalakwa nyumba.

9 Julayi
Maluwa onse anayoyoka. Masamba obiriwira ngati a pa chithunzi, mphesa zongokwana m'dzanja, ndipo agwape adyapo kale. Madola anga a feteleza apita ndi mphepo. Ndaukalipira mpesawo mpaka galu wathawira kunsi kwa khonde.

11 Julayi
Amayi, akusenda mapichesi, osandiyang'ana n'komwe: "Wathuwu ndi waukazi. Wokha subala. Bambo ako ndi bambo ake a Dewey anabzala tsiku limodzi, uno wa mphesa zikuluzikulu, uko wopereka mungu. Pokolola ankagawana."

Ine: bwanji simunanene?

"Unandifunsa? Iwe ukakwiya umamva ngati chitsa."

Ndiye kuti jamu yense amene ndakhala ndikunyadira uja, njuchi zimachita kukatenga mungu kwa Dewey. Ndatsuka mkamwa.

15 Julayi
Kusitolo ya mbewu akuti mbande za mpesa wopereka mungu zibwera nyengo yozizira, kubala kwake mpaka zaka. Mkulu wa m'sitolomo n'kuwonjezera, "Ngakhale mpesa umafuna mnzake, mwanawe." Ndamufunsa ngati n'chifukwa chake akazi ake anasamukira ku Florida. Ndatuluka ndi paipi yothirira yatsopano, sindikudziwa chifukwa chake.

19 Julayi
Chifukwa ndachidziwa. Chitsa cha kwa Dewey chikuphuka! Iye amangotchetcha mphukirazo pamodzi ndi kapinga, chitsiru, koma imodzi yabisala m'waya wa mpanda. Yowonda, yofota ndi dzuwa. Mizu yake ndi ya kalekale, Amayi akuti mphukirayo ikapulumuka, chaka chamawa ichita maluwa. Za phwando za chaka chino zada basi. Ndikagula mphesa pamsewu, ndipo wondifunsa aona.

24 Julayi
M'mawa uliwonse paipi kudzera pansi pa mpanda. Mphukira ija ndaimangirira ndi kansalu kuti ikwere. Ine, Glenda, kulera mpesa wa Dewey. Amayi ayambiranso Mmm.

27 Julayi
Andigwira. Ndili chogwada m'dothi lofiira, mkono mpaka paphewa uli m'bwalo la eni, ndingoona masilipasi apinki. Loretta. Mimba kutsogolo, tiyi wa ayezi m'manja.

"Ndamuletsa Dewey kutchetcha pamenepo. Mkono wakowo ndauonera pazenera sabata yonse, Glenda. Ukatha apo unditsirireko tomato, ine kuwerama kwandikanika."

Asaganize kuti zatha, sizinathe, ndipo keke yake ndidzainena pagulu.

Koma tomatoyo wafotadi. Munthu wosadziwa n'kuthirira komwe. Ndathira pang'ono. Tomato sanandilakwire.