Inswa za pa Chulu cha Kumanda

Mudzi wa Kazule,
Sinda.
14 Disembala 1959

Okondedwa achimwene a Fanwell,

Ndikulemba ndili wokondwa kwambiri. Esnart, mwana wamkulu wa malemu m'bale wathu Nelia, wayambanso kuyenda. Dzulo anafika yekha pamtondo osagwira khoma. Miyendo ija inatupa ngati maungu yaphwa tsopano.

Kalata yanu ya ku Kariba ndinalandira. Mwati kunyanja yatsopanoko kukumagwa tizilombo touluka tambirimbiri, mpaka m'mawa mumatiwola ndi fosholo kukataya. Ine powerenga ndinameza malovu. Achimwene, mukutaya ndiwo? Kuno nkhokwe inatha mu Okutobala, poti dzinja lathali tinathera kudwazika Nelia, munda nkulowa thengo. Ana ndinkawapatsa phala la gaga ndi mango aawisi ophika.

Tsono ndikuuzeni ndekha musanamve kwa ena. Mvula itagwa inswa zinayamba kutuluka, koma mukudziwa kuti kuno chulu chilichonse chili ndi mwini wake, ndipo chathu chija chinafa kale. Ndinakapempha kwa a Violet, oyandikana nafe, kuti andigawireko. Iwo amvekere, "Nanga angawa adye chiyani, dothi?" Chopanda mwini chinatsala chimodzi chokha, cha kumanda, pafupi ndi pomwe tinagoneka Nelia.

Ndinapita. Ndinakumba kadzenje, kuikamo mphika, chulucho nkuchifunda ndi udzu monga ankachitira amayi. M'mawa mwake mphika unali wodzaza, inswa zonona zomwe sindinazionepo. Ndinakazinga, kusinja, kuthira m'phala la Esnart. Ndachita zimenezi masiku asanu ndi anayi.

Amene anandiona ndi a Goodson, adzukulu athu aja anakumba manda a Nelia. Anayamba ndi nthabwala zawo, "Amayi, ife timakwirira, inu mukufukula?" Ine ndinati, "Mwini wake wandipatsa, akudyetsa mwana wake." Sanaseke. Pano kuchitsime akazi akandiona amasendeza mitsuko yawo. Akuti ndadyetsa mwana mnofu wa amake. Lamulungu kutchalitchi benchi yonse ndinakhalapo ndekha. Akuti mlanduwu ukudikira inu mwini mbumba, ndipo mukapanda kufika pa Khirisimasi atichotsa pamudzi, ine ndi mwanayu. Nanga mvula ino tilowera kuti? Bwerani chonde. Ngati nkundikalipira, mudzandikalipire kuno, mukumuona mwana akuyenda.

Sindikubisirani, mitambo yayambanso kuda, ndipo mphika ndausiya komweko.

Akupatsani moni Esnart, akuti mudzamupeza akuthamanga. Akupatsani moni amalume a Stanford, ndi okhawo amatilonjera masiku ano. Munafunsa za Florence, mng'ono wake wa Esnart, ngati kadiresi munatumiza kaja kanamukwana. Kanamukwana bwino. Ndi kamene tinamuveka pomuika, kutatsala sabata imodzi kuti inswa zituluke. Iye sanathe kudikira mvula. Wagona pambali pa amake, ndipo ndikapita kuchulu mawa ndikamuuza kuti amalume ake anamufunsa.

Ndine mlongo wanu,
Jenipher