CD Yanu Ija Yatiphera Kompyuta

Likoma,
14 Juni 2003.

Okondedwa achimwene a Wilfred,

Ndikhulupirira muli bwino ku Blantyre pamodzi ndi alamu. Ine thupi lili bwino, koma mtima wanyansidwa.

CD ya Java, chinenero chatsopano cha kompyuta, munatumiza ija inafika pa sitima. M'kalata munandiseka kuti ndikuphunzitsa ana kulemba mapulogalamu ndi QBasic, chinenero cha makolo, ati tsabola wakale sawawa. Achimwene, munaiona kompyuta yathu? Mwa zitatu zimene anatipatsa azungu a mpingo, yamoyo ndi imodzi, ndipo poyaka imabuula ngati nkhalamba yokwera mtunda. Koma QBasic inkathamanga bwinobwino. Mwana akalemba mizere itatu, yankho pompo.

Keziah, mtsikana wa Fomu 3 wochokera ku Yofu, anatha teremu yonse akulemba pulogalamu yofunsa masamu. Ukalondola inkati "Wakhoza!", ukalakwa inkati "Wadya kondowole wambiri." Amayenera kuionetsa kwa makolo pa tsiku la alendo, pa 5 Julaye.

Tsono ahedi anaona kalata yanu pa tebulo langa. Munthu amene kompyuta amangoidziwa poifunditsa nsalu anayamba kuyendayenda akutchula "Java, Java" ngati dzina la mwana wake. Ati alendo amve kuti pachilumba sititsalira. Zinandinyansa, komabe nane ndinafuna kutamidwa. Java inakana kulowa, inati malo achepa. Ndinafufuta zimene ndinaziyesa zinyalala, osayang'ana bwino. QBasic inapita, ntchito za ana zinapita nayo.

Nanga Java yanuyo? Jenereta ya sukulu imayaka maola awiri okha. Italowa, ana makumi awiri anaunjikana, maso pagalasi, kudikira kuti ilembe "Moni." Mpaka jenereta kuzima, moni osatuluka. Ndataya nkhwangwa ndi mpini womwe.

Chondinyansa koposa ndi pakamwa pangapa. Ana atafunsa, ndinati mphemvu zinalowa m'kompyuta n'kudya mapulogalamu. Anakhulupirira. Kuyambira tsikulo Keziah amalawira kuchoka ku Yofu ndi katsache, n'kusesa kuseri kwa kompyuta ena asanafike. Dzulo anati, "Amadamu, musade nkhawa, ndizisesa siku ndi siku. Zonse ndinakopera m'kope, ndilembanso."

Chonde nditumizireni QBasic pa madisiketi awiri, sitima ya sabata yamawa isakusiyeni. Muwakulunge m'pulasitiki, paja potsika pano timayenda m'madzi. Musaikemo malangizo ena, akwana. Ikafika mochedwa, mwanayu adzaima pamaso pa makolo ake ndi kope lokha.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi musawauze zimenezi, amandiyesa munthu wonena zoona. Keziah wandipeza ndikulemba, ndipo akuti ndikupatseni moni. Akutinso zikomo kwambiri chifukwa cha CD ija, ndinamupatsa ndipo waipachika pakhoma kwawo poti imawala bwino.

Ndine mlongo wanu,
Frances